Mipanda Khumi ya Mlombwa

Ndalemba mawu awa pofuna kulongosola nkhani ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anthu a kuno ku Domasi amamudziwa monga mkulu wa asilikali a pamadzi, ndiponso monga munthu amene anavekedwa mendulo. Anthu ambiri akandipeza pa shopu yanga pa Songani amandiyamika kuti ndine amene ndinamuphunzitsa kuthamanga. Ndikufuna zidziwike kuti chiyamiko chimenechi n'choona mbali imodzi yokha. Mbali inayo ndi yakuti ndinatsala pang'ono kumuwonongera mwayi wake, ndipo ndinachita zimenezi ndi mtima wonse, pogwiritsa ntchito matabwa abwino koposa amene ndinali nawo.

Ine ndine mmisiri wa matabwa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo kalembedwe aka ndinakaphunzira m'makalata a m'maofesi amene ankabwera kudzaitanitsa madesiki ndi zitseko.

Nkhaniyi inayamba chaka chotsatira chilala chachikulu chija, chimenenso chinali chaka chimene tinaponya voti yosankha ngati tikufuna zipani zambiri. Mphwangayo anali atamaliza Folomu 4 ndipo anakhoza bwino, koma ntchito panalibe. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, motero udindo wonse unali pa ine monga malume wake. Anali mnyamata wamtali, wa miyendo yaitali moti buluku lililonse linkamulekeza pamwamba pa akakolo. Kuminda ya mpunga anzake ankazungulira kukafuna pamlatho, koma iye ankangodumpha ngalande ali chithamangire, khasu lili paphewa.

Mphunzitsi wina wa masewera pa sukulu yake ndiye anaona luso limeneli. Anamuuza kuti kuli mpikisano wothamanga uku ukudumpha mipanda khumi yondandalikidwa m'njira, kuti odziwa mpikisano umenewu ndi ochepa, ndiponso kuti asilikali amalemba ntchito anyamata amene aonetsa luso pamasewera. Anamuuzanso kuti ku Zomba kudzachitika mipikisano iwiri chaka chimenecho, woyamba mu Julaye, wachiwiri mu Okutobala, ndipo kuti pa wachiwiriwo ndi pamene akuluakulu a asilikali amasankha anthu. Anamujambulira mpandawo papepala la m'kope: mizati iwiri ndi thabwa lopingasa pamwamba, kutalika kwake mapazi atatu ndi theka, mtunda wa pakati pa mpanda ndi unzake mayadi khumi. Pambuyo pake mphunzitsiyo anasamutsidwa kupita kumpoto. Ndikupempha owerenga akumbukire kuti chithunzicho chinkaonetsa mpanda monga umaonekera kutsogolo kokha, ndipo panalibenso munthu wina womufunsa.

Mlongo wanga anali ndi maganizo ena. M'bale wa malemu mwamuna wake anali kapitawo pa esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo analonjeza kumupezera mwanayo malo. Lole yotenga antchito inkayembekezeka kufika pa Songani kumapeto kwa Okutobala. Tinakambirana nkhaniyi pakhonde pake, tili atatu.

"Achimwene, kuthamanga kumadyedwa?" anandifunsa. "Agalu nawo amathamanga, koma sindinaonepo galu wolembedwa ntchito."

"Kupolisi alipo, amayi," anatero mphwanga. "Amadya nyama tsiku lililonse."

"Iwe khala chete, ndikulankhula ndi amalume ako."

Ndinamupempha kuti atipatse miyezi ya chilimwe yokha. Ndinafotokoza kuti mwana wa setifiketi ya Folomu 4 sayenera kukathera m'zigafa za fodya asanayese njira ina. Anapitiriza kutongola chimanga chake, kenako anati: "Ndakupatsani mpaka lole ija ibwere. Koma mumvetsetse, achimwene. Mwana uyu akathyoka mwendo, kapena akasowa kolowera, mlandu ndi wanu. Ndipo sindidzaufafaniza mpaka nditaona ndi maso angawa kuti wakhala munthu."

Ndinavomera mlanduwo.

M'mawa mwake ndinatulutsa matabwa a mlombwa amene ndinali nditawaumitsa zaka ziwiri pofuna kudzapangira kabati. Pa ntchito yanga ndinali ndi lamulo limodzi limene anthu onse a pa Songani ankalidziwa, lakuti chinthu chotuluka m'shopu yanga sichigwa ndipo sichigwedera. Lamulo lomweli ndinaligwiritsa ntchito pa mipanda. Sindinadalire misomali. Ndinaboola mabowo ndi tchizulo, n'kulowetsa thabwa m'thabwa linzake, n'kumata ndi guluu. Popeza chithunzi chija sichinkaonetsa za pansi, ndinapatsa mzati uliwonse phazi lalitali lotulukira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo phazi lililonse ndinaliboola kuti lizikhomeredwa pansi ndi chikhomo chachitsulo. Ntchitoyi inanditengera masabata awiri.

Pakhonde loyandikana ndi shopu yanga pankasokera telala wina wachikulire, Msilamu, amene takhala tikunyozana mwachikondi kuyambira tili anyamata. Iye ataona mipanda khumi ija itandandalikidwa pabwalo la mpira kuseri kwa msika, anasiya makina ake nabwera kudzaizungulira.

"Amisiri, khola limeneli ng'ombe zake muzizitsekera pati? Paliponse ndi khomo."

"Atelala, khalani apa muone ntchito."

Tinakhala tonse awiri pathabwa la mpanda umodzi, miyendo ili lende, ndipo mpandawo sunalire n'komwe. Ndinabwerera ku shopu ndili wokhutira.

Tsiku loyamba mphwanga anadumpha mpanda woyamba ndi wachiwiri, koma wachitatu anaukhudza ndi mwendo. Mpandawo sunasunthe. Amene anasuntha ndi iye, ndipo anakagwa chafufumimba m'fumbi. Msongolo unatupa sabata yathunthu. Tsiku lina anaugundanso ndi bondo, tsiku linanso ndi chala chachikulu. Mlongo wanga ankamuthowa ndi madzi otentha uku akundiyang'ana mokwanira.

Thupi la munthu limaphunzira msanga pamene lapwetekeka. Pasanathe mwezi mphwanga anasiyiratu kukhudza mipanda. Ankati akaufika mpanda, n'kudzikunga, n'kuuluka m'mwamba miyendo yonse atapinda, n'kukatera mbali inayo ngati mbuzi yothawa m'dimba. Pakati pa iye ndi thabwa pankatsala mpata woti mwana n'kudutsapo. Anthu a pamsika anayamba kusonkhana madzulo aliwonse dzuwa likapendeka. Amayi ogulitsa tomato ankalulutira, oyendetsa njinga ankaimba mabelu. Tsiku lina atelala anavula kofia yawo n'kuiika pamwamba pa mpanda wachisanu.

"Ukaigwetsa undigulira ina, mwana iwe!"

Sanaigwetse. M'mawa mwake anaikapo chitini, kenako dengu, ndipo Loweruka lina mayi wina anaikapo dengu lokhala ndi tomato yemwe. Mphwanga anadumpha zonsezo. Tonse pabwalo paja tinali ndi chikhulupiriro chimodzi, chakuti pa mpikisano wodumpha, wopambana ndi amene wadumpha m'mwamba koposa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi wotchi. Masiku amenewo ndimawakumbukira ndi chimwemwe ngakhale tinali osokera, pakuti anthu anali atatopa ndi njala ndiponso mikangano ya ndale, ndipo pabwalo paja Akhristu ndi Asilamu, a chipani ichi ndi a chipani icho, ankakuwa mawu amodzi.

Mu Julaye tinakwera matola kupita ku Zomba, ine, mphwanga ndi atelala. Ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi. Titafika pabwalo la mpikisano, ndinapita kukaona mipanda ya kumeneko monga mmisiri aliyense angachitire. Zimene ndinapeza zinandikhumudwitsa. Mipandayo inali yopepuka, yogwedera, ndipo mapazi ake anali mbali imodzi yokha, mbali imene wothamanga amachokera. Nditakankha umodzi ndi dzanja, unapendekera kutsogolo n'kugwa. Ndinauimika msanga, ndipo ndinapita kwa sajeni wina wamfupi, wa imvi, amene anali ndi wezulo pakhosi ndi wotchi m'manja.

"Pepani bwana sajeni. Ine ndine mmisiri wa matabwa wochokera pa Songani. Ndikufuna kukudziwitsani kuti amene anakupangirani mipanda iyi sanamalize ntchito. Mukandipatsa hamala ndi misomali, ndikhoza kuilimbitsa mpikisano usanayambe."

Sajeniyo anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Madala, mwabwera ndi mwana?"

"Mphwanga. Wamtali uyo."

"Ndiye kakhaleni pansi mumuonere. Mipanda yanga muisiye."

Othamanga anali asanu ndi atatu. Mfuti italira, mphwanga ndiye anayamba kufika pa mpanda woyamba. Anauluka monga mwa masiku onse, ndipo anthu anati "Eee!" Koma pamene iye anali m'mwamba, anzake anadutsa pansi pake. Iwo sankadumpha monga ife tinkadziwira kudumpha. Ankangoponya mwendo umodzi kutsogolo, winawo n'kuukoka cham'mbali, thupi litawerama, akupalasa thabwa ngati munthu wolumpha chitsa. Mipanda inkagwa uku ndi uku, koma palibe amene ankacheuka. Mphwanga akatera ankawapeza, akafika pa mpanda wina n'kuwatayanso. Anamaliza womalizira, mipanda yake khumi ili chiimire.

Ndinabwerera kwa sajeni ndili wokwiya. "Bwana, ndikufuna kudandaula. Amene mwamupatsa nambala wani wagwetsa mipanda itatu. Mphwanga sanakhudze ndi umodzi womwe. Ngati kuli koyenera, ndilemba kalata."

Sajeniyo anaseka mpaka wezulo inagwedera pachifuwa. Kenako anaitana mphwanga, namuuza kuti akweze buluku. Anaona zipsera za m'misongolo.

"Kwanuko mumadumpha chiyani?"

"Mipanda ya mlombwa," ndinayankha ine. "Yokhomera pansi. Siigwa."

"Ndipo timaikapo dengu pamwamba," anawonjeza atelala monyadira.

"Mayo ine!" anatero sajeni atagwira mutu. "Madala, mwana uyu mwamuphunzitsa mantha. Uwu ndi mpikisano wothamanga. Mwendo uli m'malere sukankha dothi. Mpanda amaupanga dala kuti uzigwa, kuti munthu asauope, azidutsa chapafupi. Pakati pa mipanda mwanayu palibe womuposa pano, ndamuona pa wotchi. Mukamubweretse mu Okutobala atatsika pansi. Akadzaulukanso chonchi, mukamupereke kwa oyendetsa ndege."

Anandilola kuyeza mpanda umodzi. Ndinauyeza mbali zonse, ndinaunyamula kuti ndimve kulemera kwake, ndipo ndinaukankha kangapo kuti ndidziwe mphamvu imene umagwera. Anamuonetsanso mphwanga kaponyedwe ka mwendo, namuuza kuti pakati pa mpanda ndi unzake aziponda katatu kokha.

Titafika kwathu, mlongo wanga anali kutiyembekeza pamsewu.

"Wakhala nambala chani?"

"Eyiti," anayankha mphwanga.

"Analipo angati?"

"Mayi, anthu sitiwawerenga ngati mbuzi," anatero atelala.

"Analipo eyiti, eti?" Iye anatembenukira kwa ine. "Achimwene, lole ija siinasinthe tsiku."

Ndiyenera kuvomereza kuti ntchito imene inatsatira inandivuta kuposa ntchito ina iliyonse imene ndinagwirapo, osati m'manja koma mumtima. Kwa zaka makumi awiri ndinali nditaphunzitsa manja anga kupanga zinthu zosagwa. Tsopano ndinayenera kupanga chinthu chogwa, ndipo chogwa bwino. Ndinagula matabwa opepuka a paini kwa anthu amene amatsika nawo m'phiri. Mpanda woyamba unapepuka kwambiri moti unkagwa ndi mphepo. Wachiwiri ndinaulemetsa kumapazi ndi zidutswa za zitsulo, ndipo unakana kugwa. Ndinachotsa chitsulo, ndinabwezera china chaching'ono, ndinafupikitsa phazi, mpaka dzanja langa linamva mphamvu yomwe ija ndinaimva ku Zomba. Masiku atatu ndinakhala panja pa shopu ndikukankha mpanda, n'kuudzutsa, n'kuukankhanso, anthu akudutsa.

"Amisiri akalamba!" ankalengeza atelala kwa aliyense. "Bwerani mudzaone, zinthu zawo zayamba kugwa zokha!"

Mayi wina amene anabwera kudzaona bedi limene ndinkamupangira anaima n'kuonerera kanthawi, kenako anandifunsa mwaulemu ngati bedi lakelo lidzakhale la mtundu womwewo. Ndinamulowetsa m'shopu n'kudumphira pabedilo ndi mapazi onse awiri kuti akhulupirire.

Mipanda yatsopano itatha, tinapeza kuti vuto lenileni linali m'thupi la mphwanga. Mutu wake unkadziwa kuti paini sapweteka, koma miyendo inkakumbukira mlombwa. Akafika pa mpanda ankaulukabe. Ndinamulangiza, ndinamukalipira, koma sizinathandize. Potsiriza ndinaima pakati pa bwalo n'kumulamula kuti: "Lero usadumphe. Ugwetse yonse khumi. Ukasiya umodzi uli chiimire, ubwerezanso."

"Amalume, ntchito yanu imeneyi."

"Ndi ntchito yanga, ndipo ndikukuuza kuti uigwetse."

Anathamanga n'kuigwetsa yonse, phokoso lake ngati mulu wa matabwa ukugwa pa lole. Atafika kumapeto anayang'ana miyendo yake, napeza kuti palibe bala. Anayamba kuseka, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi. Tinachita zimenezi masiku anayi. Anthu a pamsika sanakondwe. Ena ankati mwanayo wayamba ulesi, ena ankati ku Zomba anamulodza. Mayi wa tomato uja anabwera ndi dengu lake, ndipo nditamubweza anandiuza kuti ndawononga masewera.

Amene anapeza njira yomalizira anali atelala. Anabweretsa ulusi wolimba ndi tizidutswa ta nsalu totsala posoka. Tinazika nsungwi mbali zonse za mpanda uliwonse, n'kumanga ulusi wopingasa pamwamba, pamsinkhu wongopitirira pang'ono mutu wa mphwanga ataimirira, tinsalu tija tikulendewera. Akauluka, mutu unkakhudza tinsaluto ndipo anthu ankakuwa. Akadutsa mowerama, tinsalu tili zii, ankaomba m'manja. Motero khamu lija linabwerera, koma tsopano linkakondwera ndi kutsika. Amayi anatenga ntchito yowerenga mapazi. Bwalo lonse linkaimba pamodzi kuti, "Wani, thuu, fili, hoo! Wani, thuu, fili, hoo!" Chakumapeto kwa Seputembala kuwerengako kunkafulumira moti amayi achikulire ankatsalira m'mbuyo. Madzulo ena ndinaona mlongo wanga ataima patali pansi pa mtengo wa mango, mtolo wa nkhuni uli pamutu, milomo yake ikuwerenga nawo.

Pa mpikisano wa mu Okutobala mlongo wangayo anapita nafe, ponena kuti akufuna akaone yekha kuti pasadzakhale zonamizana. Kunatentha kwambiri tsiku limenelo. Mfuti italira, mphwanga anadutsa mpanda woyamba chapafupi moti ndinatseka maso. Wachinayi anaugwetsa, koma sanacheuke. Pofika pa wachisanu ndi chiwiri anali atatsala awiri kutsogolo, iye ndi msilikali wina, yemwenso anapambana mu Julaye. Mlongo wanga, amene anali atakhala mwaulemu pa udzu, anadzuka n'kuyamba kuthamanga m'mbali mwa bwalo chitenje chili m'manja, akukuwa kuti, "Thamanga, mwana wanga! Amalume ako ali pa mlandu!" Mphwanga anagwetsanso wachisanu ndi chinayi, ndipo msilikaliyo anamuposa ndi chifuwa chokha.

Sajeni anabwera akuyang'ana wotchi yake. "Madala, mwamutsitsa bwanji?"

"Ndi ulusi, bwana," anayankha atelala ine ndisanatsegule pakamwa. "Nkhani za matabwa zinalephera."

Sajeni anafunsa za sukulu, ndipo atamva za setifiketi ya Folomu 4 analemba dzina m'buku lake. Sabata yotsatira mphwanga anakayezedwa m'thupi ndi kufunsidwa mafunso. Kenako tinayembekeza. Kalata yomuitana ku maphunziro a usilikali inafika kudzera m'thumba la makalata la kutchalitchi, kutatsala masiku anayi kuti lole ibwere. Ndinaiwerenga mokweza katatu pakhonde pa mlongo wanga. Lole itafika, mlongo wangayo anapita yekha kukauza kapitawo uja, amene anabwera nayo, kuti malowo apatse wina. Pobwerera ndinamufunsa kuti, "Chemwali, nanga mlandu uja?"

"Ulipobe, achimwene. Kalata si munthu."

Mphwanga anakaphunzira usilikali ku Salima, ndipo kwa zaka zitatu anathamangira asilikali pa mipikisano yosiyanasiyana. Zikho ziwiri anabwera nazo kwathu. Chifukwa cha sukulu yake ndi khalidwe lake anasankhidwa kukachita maphunziro a akuluakulu a asilikali, ndipo atamaliza anatumizidwa ku gulu la asilikali a pamadzi. Uthenga umenewu unadzutsanso mlandu wanga.

"Munati azikathamanga pamtunda," anatero mlongo wanga atandipeza ku shopu. "Tsopano mwamuponya m'nyanja. Mwana amene madzi amene amawadziwa ndi a m'mawondo a mu mtsinje wa Domasi!"

Zimene ananenazo zinali zoona. Mphwanga mwini anatilembera kuti masabata oyamba ankasanza boti likangoyamba kuyenda, ndiponso kuti anyamata a ku Nkhotakota amene iye ankawalamula ndi amene anamuphunzitsa kusambira, akumuseka kuti bwana akumenya madzi ngati akupuntha mpunga. Koma analembanso kuti ankadzuka m'mamawa tsiku lililonse kukasambira yekha mpaka anawapeza. Patapita zaka ziwiri anapatsidwa boti loti aziliyang'anira.

Chakumapeto kwa zaka zimenezo, m'nyengo ya mphepo ya mwera, boti lina lonyamula anthu ndi matumba a nsomba linagubuduzika patali ndi gombe. Mphwanga anatuluka ndi boti lake mafunde ali oopsa. Iye ndi anyamata ake anavuula anthu amene anali atakakamira ku boti logubuduzikalo, ndipo ataona mayi wina akutengedwa ndi madzi mwana ali kumsana, anadzimanga chingwe m'chiuno n'kudumphira m'madzi yekha. Onse awiri anawapulumutsa. Ife tinamva nkhaniyi pa wailesi ya atelala masana. Atelala anavina pakhonde tepi yoyezera ili m'khosi. Tinapita kukamuuza mlongo wanga. Anatenga khasu n'kupita kudimba, ndipo anabwerako maso ali ofiira.

Patapita miyezi ingapo tinaitanidwa ku mwambo womuveka mendulo. Tinakwera basi ya m'mamawa kudzera ku Liwonde ndi ku Mangochi mpaka kunyanja. Asilikali anaguba, malipenga analira, ndipo dzina la mphwanga litaitanidwa anatuluka pamzere akuyenda ndi miyendo yake yaitali ija. Mkulu wa asilikali anamuveka mendulo pachifuwa. Mwambo utatha anabwera kumene tinakhala, natichitira sawatcha, kenako anagwada pamaso pa amayi ake.

"Dzuka iwe, udetsa zovala za boma," anatero mlongo wanga, koma dzanja lake linali pamutu pa mwanayo ndipo silinachoke msanga.

Tili pomwepo panafika mayi wina wachitsikana, mwana ali kumsana. Anali mayi amene anavuulidwa uja. Anafunsa kuti amake a bwana ndi ati, ndipo atamuonetsa, anagwada n'kugwira manja onse awiri a mlongo wanga. Analankhula m'Chiyao, chimene ife a ku Domasi timachimva. Ananena kuti alibe choti apereke, koma anafuna kuti mayi amene anabereka munthu ameneyu aone nkhope ya mwana amene ali moyo chifukwa cha iye. Anamasula mwanayo n'kumuika pamiyendo pa mlongo wanga. Kanali kamtsikana konenepa, ndipo kanayamba kukoka mpango wa kumutu kwake. Mlongo wanga anasewera nako nthawi yaitali, osafuna kukabweza.

Tinanyamuka tsiku lotsatira. Ulendo wonse mpaka pa Liwonde mlongo wanga sanalankhule za mwambowo. Pa Liwonde anagula nthochi pawindo, nasankha yaikulu n'kundipatsa. Basi itadutsa pa Malosa anati, osandiyang'ana:

"Achimwene."

"Ee, chemwali."

"Mlandu uja watha. Ndaona ndi maso anga. Munachita bwino kumukaniza lole ija."

Ndinafuna kuyankha ndi mawu oyenera, koma pamene ndinkawasanja mumtima, iye anatsamira paphewa panga n'kugona, monga ankachitira tili ana pobwera kuchigayo. Basi inafika pa Domasi, inafika pa Songani, kondakitala anaitana kawiri. Ndinaona denga la shopu yanga pawindo, koma sindinafune kumudzutsa. Anadzidzimuka yekha tili pa Naisi.

"Tili kuti kuno? Achimwene, mwapitiriza dala?"

"Ndapitiriza dala."

"Munthu wamkulu ngati inu!"

Tinatsika pomwepo, ndipo tinabwerera wapansi m'mbali mwa msewu dzuwa lili pamutu, iye akundinyoza njira yonse, tonse awiri tikuseka.